Mau Akale ndi Masiku Atsopano: za Kumasulira kwa Korani

Mwezi uno tifuna kuika pamaso panu mlandu wina umene wasautsa anthu anzeru a cipembedzo ca Cisilamu kuyambira m'zaka za m'ma 1800, ndipo kufikira lero sunathe. Mlanduwo ndi uwu: munthu akalandira mau opatulika, onenedwa kale lomwe kwa anthu a dziko lina ndi makhalidwe ena, adzawasunga bwanji mokhulupirika pamene masiku asinthika? Kodi agwire cilembo monga cinalembedwa, kapena afunefune cimene mauwo analinga? Musayese kuti iyi ndi nkhani ya kusukulu cabe. Cifukwa ca funso ili akazi ena anapeza mpumulo, amuna ena anapitikitsidwa kwao, wina analekanitsidwa ndi mkazi wace pa bwalo la milandu, ndi wina anaphedwa. Ndipo popeza ambiri a ife tiri nao anansi ndi abale a Cisilamu, amene titunga nao pa citsime cimodzi ndi kulira nao maliro, kuyenera kuti tidziwe cimene akuru ao a maphunziro akambirana.

Tiyambe ndi fanizo. Munthu wina anali nazo ng'ombe, ndi ana amuna atatu. Poyandikira imfa yace anawaitana, nati, Ng'ombe zanga muzizimwetsa pa citsime ca patsinde pa mkuyu masiku onse. Zitapita zaka citsime cija cinaphwa, koma madzi anatumphuka pa dambo lina kutsidya. Mwana woyamba anati, Atate ananena za pa mkuyu, ndipo ine sindidzapotoza mau ao. Napitirira kukusa ng'ombe kunka ku citsime couma. Waciwiri anati, Cimene atate anafuna ndico kuti ng'ombe zisafe ndi ludzu. Anachula mkuyu popeza madzi anali pamenepo masiku ao. Tiyeni tinke nazo kudambo. Wacitatu, amene mtima wace unali pa njinga ya kusitolo, anati, Cimene atate anafuna ndico kuti ana ao akondwe, tigulitse ng'ombe. Onse atatu anachula dzina la atate wao.

Inu nonse mudzati waciwiri ndiye mwana weni weni. Koma musafulumire, pakuti fanizo ili litsimphina mwendo umodzi. Msilamu wopembedza adzakuyankhani kuti, Atate wa m'fanizo lanu anali munthu, sanadziwa kuti citsime cidzaphwa; koma Mulungu adziwa masiku onse, akale ndi akudza, ndipo ngati analamula kanthu, analamula alikudziwa za lero lomwe. Adzatinso, Ndani adzatisonyeza kusiyana kwa mwana waciwiri ndi wacitatu, popeza onse awiri asiya cilembo, nanena kuti adziwa mtima wa atate? Pamenepa ndipo pagona mlandu wonse.

Buku ndi omasulira ace akale

Asilamu akhulupirira kuti Korani ndiyo mau a Mulungu mwini, otsikira kwa mneneri Muhammad m'Ciarabu, pang'ono pang'ono, kuyambira caka ca 610 kufikira imfa yace caka ca 632. Zigawo zace, zochedwa sura, ziripo 114. Zina zinadza iye akali ku Mecca, pamene omtsata anali owerengeka ndi ozunzidwa. Izi zinena kwambiri za umodzi wa Mulungu, za tsiku la ciweruzo, ndi za kucitira cifundo amasiye ndi aumphawi. Zina zinadza atasamukira ku Medina caka ca 622, pamene anakhala mtsogoleri wa mudzi wonse. M'menemo muli malamulo a ukwati, a cuma ca masiye, a ngongole, a nkhondo ndi a zilango. Mauwo anasonkhanitsidwa m'buku limodzi lokhazikika masiku a Uthman, amene analamulira kuyambira 644 kufikira 656.

Kumasulira sikunayambe dzulo iai. Buku lomwelo libvomereza m'sura yacitatu kuti ndime zace zina zimveka poyera, ndi zina sizimveka msanga. Potero kuyambira kale panali nzeru yochedwa tafsir, ndiko kumasulira. Mkuru wina wa maphunziro, al-Tabari, amene anafa ku Baghdad caka ca 923, anasonkhanitsa pa ndime iri yonse zonena za akuru amene anamtsogolera. Ndipo kawiri kawiri anaika pamodzi mamasulidwe awiri kapena atatu osiyana, nanena limene iye aliyesa lolimba. Akuru amenewo anasamaliranso kufunsa kuti, Ndime iyi inatsika pa mlandu wotani? Ndipo Asilamu asimba za Umar, wolamulira waciwiri atafa mneneri, kuti caka ca njala yaikuru analeka kupereka cilango ca kudula dzanja kwa akuba, cingakhale cilangoco cinalembedwa m'Korani. Pakuti anaona kuti wakuba cifukwa ca njala sali monga wakuba cifukwa ca umbombo. Omasulira atsopano akonda kuchula nkhani iyi, nati, Taonani, njira yathu siiri yacilendo.

Cimene cinautsa mlandu

M'zaka za m'ma 1800 maiko ambiri a Asilamu anagwa m'manja mwa Azungu. Angerezi analamulira India, nalowa m'Egypt caka ca 1882. A ku France anayamba kutenga Algeria caka ca 1830, ndi Tunisia caka ca 1881. Panadza masukulu atsopano, makina osindikiza mabuku, mankhwala a m'cipatala, ndi nzeru za zolengedwa. Anyamata ophunzira anayamba kufunsa mafunso amene mabuku a makolo sanawayankha.

Ku India, Sayyid Ahmad Khan, amene anatsegula sukulu yace ku Aligarh caka ca 1875, anaphunzitsa kuti mau a Mulungu ndi nchito za Mulungu, ndizo zolengedwa, sizingatsutsane. Zikaoneka zotsutsana, wolakwa ndiye womasulira. Ku Egypt kunali Muhammad Abduh, amene caka ca 1899 anakhala mufti, ndiye mkuru woyankha milandu ya cipembedzo m'dziko lonse. Iye anadandaula kuti anthu atsata zonena za akale osafunsa, naleka kugwiritsa nchito nzeru zimene Mulungu anawapatsa. Anati Korani inadza kudzatsogolera anthu m'makhalidwe ao, si kudzakhala bwalo la makani a ophunzira iai. Maphunziro ace a ku al-Azhar analembedwa ndi wophunzira wace Rashid Rida m'kalata wa nkhani wochedwa al-Manar; ndipo Abduh atafa caka ca 1905, Rida anapitiriza nchitoyo kufikira imfa yace caka ca 1935.

Mlandu wa mitala

Kuti tione bwino umo njira ziwirizi zisiyanira, titenge mlandu umene tonse tiudziwa, ndiwo wa mitala. M'sura yacinai muli ndime imene ilola mwamuna kukwatira akazi kufikira anai. Koma ndime yomweyo iika malire, kuti woopa kulephera cilungamo pakati pao akhale ndi mmodzi. Patsogolo m'sura yomweyo muli ndime ina yosonyeza kuti kulinganiza akazi ndithu nkosatheka kwa mwamuna, angakhale ayesetse. Omasulira akale ambiri anati: cilungamo cofunikaco ndico ca cakudya, zobvala, nyumba ndi kugawa masiku; koma cimene munthu sakhoza kulinganiza ndico cikondi ca mumtima, ndipo pa ici alibe mlandu. Potero mitala ikhala yololedwa.

Omasulira atsopano anawerenga mwina. Anati: yang'anani pamene ndimeyo iyambira, pakuti iyamba ndi ana amasiye. Inadza itapita nkhondo ya ku Uhud ya caka ca 625, m'mene Asilamu monga 70 anaphedwa, nasiya akazi ndi ana opanda wowasunga. Cilolezoco cinali mankhwala a tsoka lija, ndipo cinamangidwa ndi cingwe ca cilungamo. Abduh, amene anakhalapo woweruza milandu, anadziwa bwino udani wa akazi a pamitala ndi wa ana a mimba zosiyana. Nati wolamulira dziko ali nayo mphamvu ya kuletsa cinthu cololedwa, pamene cibala zoipa zoposa zabwino.

Maganizo awa sanakhala m'mabuku mokha. Ku Tunisia, Tahar Haddad analemba buku caka ca 1930, nanena kuti Korani inayamba ulendo wa kumasula akazi, umene mibadwo yakudza iyenera kuutsiriza. Akuru a cipembedzo anamtsutsa kolimba, namcotsera cilolezo ca nchito yace, ndipo anafa wosiyidwa caka ca 1935. Koma caka ca 1956 boma la Tunisia, lotsogoleredwa ndi Habib Bourguiba, linaletsa mitala ndi lamulo, ndipo oteteza lamulolo anatsamira pa ndime ziwiri zija. Ku Morocco lamulo la banja la caka ca 2004 silinaletse konse, koma linati wofuna mkazi waciwiri ayambe wapempha kwa woweruza, ndi mkazi woyamba adziwitsidwe.

Tsono a mbali inayo ali nalo yankho losapepuka. Ati: mneneri mwini ndi anzace, amene anamva mauwo poyamba m'cinenero cao, anakhala ndi mitala, kodi inu mwamva Ciarabu koposa iwo? Ndipo ndime yaciwiri ija siitha ndi kuletsa, koma icenjeza mwamuna kuti asataye mkazi mmodzi pokonda mnzace. Ikadafuna kuletsa ikadanena poyera, monga inaletsa nyama ya nkhumba. Atinso: nanga nzeru iyi inakudzerani bwanji pokha pamene Azungu anayamba kukusekani? Funso lomarizali liluma, ndipo womasulira woona mtima ayenera kuliyankha mumtima mwace asanatsegule pakamwa.

Ulendo wa kupita ndi kubwera

Fazlur Rahman, wobadwa caka ca 1919 m'dziko limene tsopano liri Pakistan, anayesa kuika njira yolongosoka, kuti womasulira asangotola ndime zimene zimkomera. M'buku lace la caka ca 1982, lochedwa Islam and Modernity, anati womasulira ayende ulendo wa pawiri. Poyamba acoke m'masiku ace, anke ku masiku a mneneri, aphunzire umo anthu anakhalira, bvuto limene ndime inadza kudzathetsa, ndi colinga cimene cioneka poika ndime zonse pamodzi. Atatero abwerere ku masiku ace, ayang'anitsitse umo anthu akhalira tsopano, nafunse kuti colinga cija cidzakwaniridwa ndi lamulo lotani lero. Ndipo ngati cimene wapeza sicitheka kucitika, adziwe kuti walakwa pena, kapena pa kumva buku, kapena pa kuzindikira masiku ace.

Citsanzo colimba koposa ca njira iyi ndico ukapolo. Korani inapeza akapolo m'dziko la Arabia, ndipo sinalamule kuti onse amasulidwe tsiku limodzi. Inafuna kuti asungidwe bwino, inayesa kumasula kapolo nchito yokondweretsa Mulungu, niika kumasulako kukhala dipo la zolakwa zina, monga kuswa lumbiro ndi kupha munthu mosafuna. Zaka zoposa 1,000 ophunzira anawerenga izi, nati ukapolo ngwololedwa. Ife a kuno tidziwa kuwawa kwa malonda aja, pakuti makolo athu ena anaoloka nyanja pa Nkhotakota ali omangidwa, kunka ku Kilwa ndi ku Zanzibar. Ndipo tisaiwale kuti Azungu ambiri osunga akapolo ku America anadzilungamitsa nao ndi buku lao lopatulika. Koma Ahmad Bey wa ku Tunis anathetsa ukapolo m'dziko lace caka ca 1846, ndipo akuru a cipembedzo anabvomereza. Msika wa akapolo wa ku Zanzibar unatsekedwa caka ca 1873, ndi Saudi Arabia inathetsa ukapolo caka ca 1962. Ndipo pamene gulu la nkhondo lodzicha Islamic State linagwira akazi a mtundu wa Yazidi ku Iraq caka ca 2014 ndi kuwagulitsa, lirikuchula cilembo ca malamulo akale, ophunzira a Cisilamu oposa 120 a m'maiko ambiri analemba kalata wolitsutsa, nati ukapolo suyenera kubwezedwanso. Wotsata njira ya Rahman adzati: buku linaloza njira, ndipo amene afika kumene linaloza sanalisiya konse.

Mtengo umene ena analipira

Rahman mwini sanayende pa njira yosalala. Anali mkuru wa nyumba ya maphunziro a Cisilamu ya boma la Pakistan, koma caka ca 1968 makamu anamuukira cifukwa ca zolemba zace, natula nchitoyo, nanka ku America, kumene anaphunzitsa ku Chicago kufikira imfa yace caka ca 1988.

Ku Sudan, Mahmoud Mohamed Taha anapita patsogolo koposa. Akuru akale anati pamene ndime ziwiri zisiyana, yotsika pambuyo icotsa mphamvu ya yoyamba. Potero malamulo a ku Medina alamulira. Taha anatembenuza ici. Anati uthenga wa ku Mecca, umene ulinganiza mwamuna ndi mkazi, mfulu ndi kapolo pamaso pa Mulungu, ndiwo wokhalitsa. Koma malamulo a ku Medina anapatsidwa monga mwa msinkhu wa anthu a masiku aja, ndipo tsopano yafika nthawi ya kubwerera ku uthenga woyamba. Caka ca 1983 wolamulira dzikolo, Gaafar Nimeiry, anaika malamulo a kudula manja ndi kukwapula m'dzina la cipembedzo. Taha anawatsutsa poyera, namangidwa, naweruzidwa kuti wataya cikhulupiriro. Ndipo pa 18 January 1985 ananyongedwa ku Khartoum, ali nkhalamba ya zaka zoposa 70. Isanathe miyezi itatu Nimeiry anacotsedwa pa mpando, ndipo caka ca 1986 bwalo lalikuru la dzikolo linati ciweruzo cija cinali cosalungama. Koma wophedwa sanabwere.

Ku Egypt, Nasr Hamid Abu Zayd, mphunzitsi wa ku sukulu yaikuru ya Cairo, anati Korani icokera kwa Mulungu ndithu, koma inadza m'cinenero ca anthu, ndipo cinenero ciri conse cinyamula makhalidwe a eni ace. Cifukwa cace iyenera kuphunziridwa ndi nzeru zonse zimene tiphunzira nazo mau. Adani ace anamtengera ku bwalo la milandu, ndipo caka ca 1995 bwalo linati iye sali Msilamu, potero ukwati wace ndi mkazi wace Msilamu wafa. Mwamuna sanapemphe kulekanako, ndi mkazi yemwe sanapemphe. Awiriwo anathawira pamodzi ku Leiden, m'dziko la Netherlands. Ndipo iye ananenabe kuti ali Msilamu kufikira imfa yace caka ca 2010.

Akazi atsegula buku

Cinthu cina catsopano ndico kuti akazi ayamba kulemba mamasulidwe ao. Mai Aisha Abd al-Rahman wa ku Egypt, wodziwika ndi dzina la Bint al-Shati, amene anafa caka ca 1998, anaphunzitsa kuti wofuna tanthauzo la liu alitsate pa malo onse pamene lipezeka m'Korani, kuti buku lidzimasulire lokha. Mai Amina Wadud wa ku America, m'buku lace la caka ca 1992 lochedwa Qur'an and Woman, anasonyeza kuti zambiri zimene anthu aziyesa za m'Korani zinacokera kwa omasulira amuna. Mwa citsanzo, Korani siinena kuti mkazi anaumbidwa ndi nthiti ya mwamuna, ndipo siiika pa mkazi yekha mlandu wa kulakwa kwa m'munda. Izi zinalowa m'mamasulidwe kucokera ku nkhani zina. Pano tiphunzira kuti nthawi zina womasulira watsopano ndiye abweza anthu ku cilembo, pocotsa pfumbi limene mibadwo inathirapo.

Catsopano siciri cabwino nthawi zonse

Koma tisayese kuti ciri conse catsopano cilungama. Tantawi Jawhari wa ku Egypt, amene anafa caka ca 1940, analemba mabuku ambiri ofuna kupeza m'ndime za Korani nzeru za nyenyezi, za zomera ndi za zamoyo monga ziphunzitsidwa m'masukulu a Azungu. Abduh yemwe, pomasulira sura ya 105, imene isimba za mbalame zoononga nkhondo ya eni njobvu, anati kapena zinali nchenche kapena udzudzu wonyamula nthenda ya nthomba. Bint al-Shati ndi mwamuna wace Amin al-Khuli anakana njira yotere, nati liu liyenera kumveka monga akumva oyamba anakhoza kulimva. Ndiponso nzeru za m'sukulu zisinthika mbadwo ndi mbadwo, ndipo womangirira buku lopatulika pa izo adzacita manyazi zikasinthika.

Panalinso Sayyid Qutb, amene analemba mbali yaikuru ya kumasulira kwace ali m'ndende ku Egypt, nanyongedwa caka ca 1966. Iyenso anali womasulira watsopano, pakuti analambalala makani a akale, nawerenga Korani monga mpfuu woitana okhulupirira kulimbana ndi maboma osaweruza ndi lamulo la Mulungu. Mau ace anagwira mitima ya anyamata ambiri, ndipo ena a iwo pambuyo pace anatola zida. Potero khomo limene Abduh anatsegula, lakuti munthu awerenge yekha osatsamira akale, analowapo ofatsa ndi aukali omwe.

Kuyesa mlandu

Nanga tinene ciani? Coyamba ndi ici: palibe wowerenga amene samasulira. Mwana woyamba wa m'fanizo anati sapotoza mau, koma iyenso anasankha. Pa mau a atate wace anagwira liu la mkuyu, nataya liu la kumwetsa. Wonena kuti, Ine ndingogwira cilembo, kawiri kawiri agwira kumasulira kwa munthu wina wakale, naiwala kuti nayenso anali munthu wa masiku ace.

Caciwiri, yankho lija lakuti Mulungu adziwa masiku onse liri loona kwa wokhulupirira ali yense, koma silitsiriza mlandu. Mphunzitsi wodziwa masamu onse salephera kuyamba ndi kuwerengetsa ana timiyala. Asilamu eni ace aphunzitsa kuti mowa sunaletsedwe tsiku limodzi: poyamba kunanenedwa kuti kuipa kwace kuposa ubwino wace, pambuyo pace kuti woledzera asayandikire mapemphero, ndipo potsiriza unaletsedwa ndithu. Tsono buku lomwelo linayenda ndi anthu phazi ndi phazi. Pamene ophunzira asiyana ndi apa: kodi ulendowo unafika kumapeto caka ca 632, kapena pa milandu ina unaloza patsogolo? Mlandu uwu eni ace ndiwo adzauweruza, ndipo mlendo sadula nkhani ya pa mudzi wa eni. Koma zizindikiro zosiyanitsa mwana waciwiri ndi wacitatu tikhoza kuzichula, popeza zikhudza munthu ali yense wosunga mau a amene sangafunsidwenso, kapena mfumu yosunga mwambo, kapena mwana wogawa cuma ca masiye, kapena wowerenga buku lopatulika.

Cizindikiro coyamba ndico thukuta. Womasulira wokhulupirika waphunzira cinenero ca buku, mbiri ya masiku ace, ndi zonena za akuru amene anamtsogolera, angakhale adzasiyana nao. Makolo anati, safunsa anadya phula. Wotaya akale asanawamve sali wolimba mtima iai, ali waulesi.

Caciwiri ndico kuwerenga buku lonse. Wonyenga achula ndime zomthandiza, nabisa zomtsutsa. Woona mtima aika poyera ndime imene imbvuta, nanena kuti, Iyi indibvuta, ndipo ndiimva cotere.

Cacitatu ndico kufunsa amene apindula. Kumasulira kwa mwana wacitatu kunabala njinga ya iye mwini. Ngati mwamuna apeza masiku onse m'buku zokomera amuna, ndi wolamulira zokomera mpando wace, ndi wophunzira zomtengera ulemu kwa alendo, pamenepo tiyenera kukayika. Cizindikiro ici cidula mbali zonse ziwiri, wosunga zakale ndi wofuna zatsopano yemwe. Koma pamene kumasulira kumtayitsa munthu cina cace, ndi kupulumutsa mkazi wamasiye, mwana wopanda atate ndi kapolo, amene buku lomwelo liwachula kawiri kawiri, tiri naco cifukwa ca kuchera khutu.

Cacinai ndico kudza nako kumasulirako pa bwalo, kuti ena akuyese. Pakuti mutu umodzi susenza denga. Ophunzira akale a Cisilamu anali ndi mwambo wokoma wa kutsiriza mayankho ao ponena kuti wodziwa koposa ndiye Mulungu. Asimbanso ciphunzitso ca mneneri wao, cakuti woweruza amene ayesetsa ndi mtima wonse nalakwa ali nayo mphotho imodzi, ndi amene akhoza ali nazo ziwiri. Ngati wolakwa moona mtima alandira mphotho kwa Mulungu, anthu anatenga kuti cingwe ca kumnyonga naco?

Ndipo ici ndico cimene tilimbika mtima kunena, angakhale tiri alendo pa mlanduwu. Kapena Taha analakwa, kapena Abu Zayd anapitirira malire. Ophunzira ambiri a Cisilamu ayesa cotero, ndipo ali nazo zifukwa zao. Koma mau ayankhidwa ndi mau. Cingwe ca ku Khartoum sicinasonyeze munthu ali yense kuti ndime za ku Medina ziposa za ku Mecca; cinangosonyeza amene anali ndi asilikari. Buku la Taha linatembenuzidwa m'Cingerezi ndi wophunzira wace Abdullahi An-Na'im caka ca 1987, ndipo liwerengedwa tsopano m'maiko amene mwini wace sanapondemo. Komanso wofuna zatsopano asanyoze woopa. Mantha a munthu amene safuna kuika mau ace m'kamwa mwa Mulungu ali mantha olemekezeka, ndipo popanda anthu otere buku liri lonse likadasanduka dongo la woumba ali yense.

Cifukwa cace, abale, mukakhala pansi ndi mnansi wanu Msilamu, musanene kuti, Asilamu onse anena cakuti. Pakuti mwaona kuti pakati pao pali ophunzira osiyana, amene alimbana ndi buku lao mwa mantha ndi mwa cikondi. Mfunseni mwaulemu umo shehe wace amasulira ndime ya mitala, kapena ya cuma ca masiye, ndipo mumvetsere kufikira atatha. Ndipo pobwerera kwanu mudzifunse nokha za mau amene inu mwasungitsidwa, a atate wanu, a mfumu yanu yakale, kapena a buku limene mulilemekeza: mwa ana atatu aja, mufanana ndi uti? Musafulumire kudzicha waciwiri, pakuti wacitatu yemwe anadzicha cotero. Yambani mwapita kukhola, mukaone ngati ng'ombe zamwa.